Akakuchotsani mfundo ya m'chiuno, musangogona kudikira kupola

Uthengawu ndi wa inu amene madokotala anakuchotsani mutu wa fupa la ntchafu osaikapo chitsulo m'malo mwake, komanso inu amene mukudwazika munthu wotero. Pali mawu amene akumveka m'mawodi ndi m'makomo, akuti munthu akachotsedwa mfundo ya m'chiuno ndiye kuti za kuyenda aiwale, kwake n'kugona basi. Limeneli ndi bodza, ndipo likupundula anthu amene akanatha kuimirira.

Opaleshoniyi imatchedwa Girdlestone, potengera dzina la dokotala wa mafupa wa ku Oxford, Gathorne Robert Girdlestone. Iye ankaichita pa odwala TB ya m'chiuno mankhwala a TB asanapezeke, ndipo mu 1943 anafotokoza mmene imathandizira mfundo ikadzaza mafinya. Masiku ano imachitika kawirikawiri chitsulo chimene anaika m'chiuno chikagwidwa ndi majeremusi osamva mankhwala, fupa likaonongeka kwambiri, kapena thupi la wodwala likakhala lofooka moti silingapirire opaleshoni ina yaikulu. Cholinga chake n'kuthetsa mafinya ndi kuchepetsa ululu.

Nanga mwendo wopanda mfundo ungamunyamule bwanji munthu? Pamene panali mutu wa fupa sipakhala pululu mpaka kalekale. Pakamapita masabata ndi miyezi, thupi limalukapo mnofu wolimba wonga wa pachipsera, ndipo mnofuwo umagwira fupa la ntchafu kuti lisamangoyendayenda. Ntchito yotsalayo imagwiridwa ndi minofu ya m'matako ndi ya m'ntchafu. Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Minofu yosagwira ntchito imayamba kuphwa m'masiku ochepa chabe, makamaka kwa okalamba. Mukagona mwezi wathunthu osagwedeza mwendo, mwataya chinthu chomwe chikanalowa m'malo mwa mfundo yochotsedwayo.

Sindikunamizani kuti mudzayenda ngati kale. Mwendo umafupika ndi masentimita angapo, mudzatsimphina, ndipo ambiri amayenda ndi ndodo kapena chogwirira cha miyendo inayi moyo wawo wonse. Kuyenda kumatopetsa kuposa kale. Ena, makamaka amene anali ofooka kale, mtunda wautali amayenda pa njinga ya olumala. Komabe munthu wotha kudzuka yekha, kupita kuchimbudzi ndi kukawothera dzuwa panja akusiyana kutali ndi wogonera pamodzimodzi, wodikira kutembenuzidwa.

Kugona kumene mukukuona ngati chitetezo n'kumene kumabweretsa ngozi. Magazi amaundana m'mitsempha ya m'miyendo, ndipo chibuma cha magaziwo chikathamangira m'mapapo munthu amatha kufa mwadzidzidzi. Makhololo amadzazana m'chifuwa n'kuyambitsa chibayo. Pamatako, pamsana ndi pazidendene pamabuka zilonda zovuta kupola. Bondo ndi chiuno zikakhalitsa zopinda zimauma choncho, ndiye ngakhale bala litapola mwendo sutambasukanso.

Tsiku loyamba kuponda pansi, ndi kuchuluka kwa mphamvu yopondera, amanena ndi dokotala amene anakuchitani opaleshoni, osati mnansi. Ena amayamba akokedwa mwendo ndi zolemera kwa masabata angapo, ena amaimiritsidwa m'masiku oyambirira. Koma ngakhale amene auzidwa kuti asaponde ali ndi mafizo awo a pabedi pomwepo. Gwedezani phazi m'mwamba ndi pansi kangapo ola lililonse muli maso. Kanikizani kuseri kwa bondo pamatiresi, muwerenge mpaka 5, kenaka mumasule. Finyani matako chimodzimodzi. Pumani mokoka mpweya wambiri, mutsokomole. Limbitsaninso mikono ndi mwendo wabwinowo, poti ndi zimene zidzakunyamuleni pa ndodo. A mafizo akaona kuti mwakonzeka adzakuonjezerani zina: kukhala m'mphepete mwa bedi, kuimirira mutagwirira, kutsegulira mwendo kumbali, kenaka mapazi awiri atatu. Ena amauzidwanso kumagona chafufumimba kwa kanthawi tsiku lililonse kuti chiuno chisaume chopinda.

Ambiri amasiya mafizo chifukwa cha ululu. Imwani mankhwala opha ululu amene anakupatsani patatsala pafupifupi theka la ola kuti muyambe. Kuphwanya kwa minofu yotopa n'kwachibadwa. Ululu wobaya, kapena wokulirakulira tsiku ndi tsiku, ndiwo wofunika kukauza dokotala. Ndipo musamale za mwendo wofupikawo: pemphani akuyezeni, akuonjezereni nsapato pansi. Kuyenda chopendekeka kwa miyezi kumapweteketsa msana ndi bondo. Mukafika poyenda ndi ndodo imodzi, muziigwira ndi dzanja la mbali yabwino. Pamasitepe, pokwera muzitsogoza mwendo wabwino, potsika muzitsogoza ndodo ndi mwendo wa opaleshoni.

Tsopano inu odwazika, pepani, ndilankhule mosabisa. Ndikudziwa kuti chimakuchititsani ndi chikondi. Koma mukamamunyamula wodwala paliponse, kumudyetsa ali chigonere, ndi kumuletsa akafuna kuyesa kudzuka, mukumulanda mphamvu zochepa zimene zamutsalira. Imani pambali pake, mugwireni ngati akudzandira, koma kuimirirako aimirire yekha. Chotsani zopunthwitsa m'njira yake, mumupezere mpando wautali wokhala ndi pogwira manja, muonetsetse kuti akudya zakudya zomanga thupi ndi kumaliza mankhwala onse opha majeremusi ngakhale bala litauma. Ngati amasuta fodya, muthandizeni kusiya, chifukwa fodya amachedwetsa kupola. Kusintha kumabwera pang'onopang'ono, kwa miyezi yambiri, ndipo wodwala akayamba kukana chakudya ndi kungokhala duu osafuna kulankhula, nazonso n'zokanena kuchipatala.

Thamangani kuchipatala tsiku lomwelo ngati thupi latentha, bala lafiira kapena likutuluka mafinya, katumba wa mwendo watupa n'kumapweteka, kapena wodwala wagwa. Akayamba kubanika mwadzidzidzi kapena kumva kupweteka pachifuwa, musadikire kuti kuche. Ndipo ngati patha masiku angapo chitulukireni m'chipatala wodwala asanadzukepo pabedi, pamene dokotala sanalamule kuti agone, musati mudikire tsiku la sikelo yobwereza. Bwererani mukaonane ndi a mafizo sabata yomweyo.