Kompyuta ikaonetsa 180, phunziro silinathe

Ndatopa kumva aphunzitsi anzanga akunena kuti, "Ana aona okha pa kompyuta, palibenso chofotokoza." Aona chiyani? Aona nambala ikukana kusintha. Chimene chikuikaniza kusintha sanachione.

GeoGebra, pulogalamu yaulere imene Markus Hohenwarter anayamba kupanga mu 2001 ku yunivesite ya Salzburg, ndimaikonda ndipo ndimaphunzitsira geometry, masamu a mizere, ngodya ndi maonekedwe a zinthu. Mwana amajambula thirayango, n'kugwira nsonga imodzi, n'kumaikokera uku ndi uku. Thirayango ija imatalika, imaonda, imapendekeka, koma ngodya zitatuzo zikaphatikizidwa zimangopereka madigiri 180. Ndi choko pa bolodi simungamuonetse mathirayango ochuluka chotero. Komatu makinawo amangoyeza, ndipo amafupikitsa manambala: ngodya ya madigiri 89.96 itha kulembedwa 90 malinga ndi mmene mwawatcherera. Kuyeza si kutsimikizira.

Pali mtsikana wina amene mpaka lero amandiwawitsa mtima. Mutu unalipo, manja ochangamuka, mayeso omaliza atayandikira. Ndinamufunsa chifukwa chimene ngodya yojambulidwa mu theka la bwalo lozungulira imakhalira madigiri 90 nthawi zonse. Anati, "Aphunzitsi, ndinakoka ndithu, sinasinthe." Ndinati atenge pensulo alembe mzere kuchokera pakati pa bwalolo kukafika pa nsonga ya ngodyayo. Pamenepo pamatuluka mathirayango awiri, iliyonse ya mbali ziwiri zofanana, ndipo yankho limabwera m'mizere itatu kapena inayi. Anayang'ana pepala nthawi yayitali, misozi ili lengelenge. Zaka zonsezo palibe anamufunsapo kuti "chifukwa chiyani". Mlandu sunali wake.

Choncho, aphunzitsi anzanga, musachedwetse. Tsiku lomwelo mwana wakoka n'kuona chinthu chosasintha, muzimitse kompyuta, alembe chifukwa chake papepala. Mukati adzaphunzira kutsimikizira chaka chamawa, mudzapeza atazolowera kukhulupirira maso, ndipo chizolowezi chimenecho chimavuta kuchichotsa mayeso ali pakhomo.

Inu makolo, chenjerani ndi ogulitsa matabuleti ndi maphunziro a pa intaneti amene amalonjeza kuti mwana adziwa masamu popanda mphunzitsi. Muuzeni wogulitsayo ajambule sikweya pa pulogalamu ngati GeoGebra, kenako inu mukoke nsonga yake imodzi. Ngati anangoiyerekeza ndi maso, osamanga mbali zofanana ndi ngodya zowongoka, ipindika pomwepo. Ndalama zanu musampatse.