Phala la ku mkombaphala lisamadalire chifundo

Ndatopa kumva anthu, ngakhale a m'makomiti a chitukuko, akunena kuti phala la ana ku mkombaphala ndi "thandizo la mabungwe". Thandizo limabwera likafuna, limachokanso likafuna. Pulojekiti ikatha miphika imavundikiridwa, ndipo palibe woti mungamufunse.

Gawo 13 la Malamulo Oyendetsera Dziko limati boma liyesetse kuti aliyense azidya mokwanira, koma gawo 14 limanena kuti mfundo zimenezi n'zongolozera boma njira. Ndondomeko za kadyedwe tili nazo, zolembedwa bwino ndithu, koma ndondomeko siikakamiza aliyense kutulutsa ndalama. Ku America aphungu anaika chakudya cha m'malo olerera ana m'lamulo mu 1968, ndipo mu 1987 anawonjezerapo achikulire osamalidwa masana. Malowo amabwezeredwa ndalama pa chakudya chilichonse chimene apereka, bola chifike pa muyezo. Chuma chawo ife tilibe, inde. Chimene ndikufuna n'choti aphungu athu aike phalali m'lamulo ndi m'bajeti, kuti likasowa tidziwe khomo logogoda.

Kafukufuku wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Ku pulayimale, bungwe la Mary's Meals, lomwe linayambira kuno mu 2002, ndi WFP, bungwe la United Nations loona za chakudya, akudyetsa ana ambiri. Koma mwana akamafika Sitandade 1 kupinimbira kwachitika kale. Ku mkombaphala, komwe kuli ana aang'ono, alezi ambiri ndi ongodzipereka ndipo ufa amasonkha ndi makolo. Nanga mu Januwale, nkhokwe zili mbee, asonkha chiyani?

Pali kamtsikana ka zaka zitatu komwe sindikaiwala. Kankaleredwa ndi agogo ake, ndipo chakudya chodalirika patsiku chinali phala la ku mkombaphala. Ufa utatha m'nyengo ya njala, sukulu inatsekedwa. Mwana anayamba kutupa mapazi, tsitsi kufiira n'kumathothoka. Achibale anati ndi tsempho. Anapita naye kwa sing'anga, anamutema mphini, kankhuku komwe kanatsala kanapita komweko. Pofika naye kuchipatala, khungu la m'miyendo linali likusupuka, mkaka wachipatala akukana. Anatisiya. Agogowo titawayeza, nawonso anali onyentchera kwambiri, chifukwa kangachepe kalikonse ankasiyira mdzukulu. Iwo panalibe pulogalamu ya chakudya yomwe inkawawerengera.

Ndiye tamverani, makolo. Kutupikana si tsempho, si ufiti, ndipo si kunenepa. Dinani ndi chala chachikulu pamwamba pa mapazi onse awiri a mwana, muwerenge mpaka katatu. Pakatsala kadzenje, nyamukani tsiku lomwelo, musadikire tsiku la sikelo, musadikire kuti bambo ake abwere kapena akuluakulu akambirane kaye. Mwana wotupa chonchi amatha kuzizidwa kapena kutsika shuga usiku umodzi wokha. Mankhwala azitsamba otsegula m'mimba "kuti madzi atuluke" amamumaliza msanga.

Chiponde chochizira ana onyentchera chimaperekedwa ulere kuchipatala cha boma. Chimene mukuchiona pamsika chapatutsidwa kwa mwana wodwala, musagule. Mukalandira chanu, ndi mankhwala a mwana mmodzi yekhayo, osati chogawana nyumba yonse. Ngati kunyumba kulibiretu chakudya, muuzeni mlangizi wa zaumoyo mosabisa, ndipo agogo olera ana awayezenso pamkono tsiku lomwelo.