Wodwazika matenda nayenso asamalidwe

M'makomo ambiri ku Chinamwali, Matawale, Jali ndi Thondwe muli munthu amene sagona mokwanira chifukwa akudwazika mayi ake ofa ziwalo, mwamuna wodwala khansa, kapena agogo apafupi omwe ana awo ali kutali. Salipidwa. Kawirikawiri amakhala mayi kapena mtsikana, ndipo munda, geni, ngakhale sukulu zimaima. Uthengawu ndi wanu inu odwazika, komanso wa abale omwe amangobwera kudzazonda Lamulungu.

Matenda a mgonagona si a munthu mmodzi. Itanani mwinimbumba, mukhale pansi, mugawane masiku. Wina azigona ndi wodwala, wina azitunga madzi ndi kuchapa, wa kutauni azitumiza ya thiransipoti yopitira kuchipatala. Amayi a Mvano kapena a kumzikiti akafunsa chothandiza, musayankhe kuti zili bwino. Auzeni akhale ndi wodwala masana amodzi, inu mukagone.

Wodwala wosatha kudzuka mutembenuzeni maola awiri aliwonse. Pomusambitsa yang'anani kumatako, m'chiuno ndi ku zidendene: khungu likasintha mtundu kapena kutentha, chilonda chayandikira. Musamusiye pa nsalu yonyowa. Pomunyamula yalani chitenje pansi pake, mugwire awiri, mupinde mawondo, msana uli chilili. Ambiri amapweteka msana pamenepa. Magolovesi akasowa, valani majumbo osabooka pogwira magazi, mabala ndi chimbudzi, kenako sambani m'manja ndi sopo. Ngati akudwala TB, tsegulani mawindo, ndipo inu mukayamba kutsokomola kayezetseni makhololo.

Wodwala akamabuula usiku wonse, musangoti ndi mmene matendawo alili. Funsani ku Zomba Central Hospital kapena kuchipatala chapafupi za chisamaliro chochepetsa ululu. Mankhwala amphamvu monga morphine wamadzi alipo, ndipo amaperekedwa adokotala akalemba.

Nanga inuyo? Kupsa mtima msanga, kulira panokha, kusafuna chakudya, ngakhale kulakalaka mutangothawa, zimagwera ambiri odwazika. Si nkhanza, ndi kutopa. Musadumphitse mankhwala anu a BP, a shuga kapena ma ARV poti mwatanganidwa. Maganizo akakulemerani milungu iwiri, uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena namwino; mukafika pofuna kudzipha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mutha kuimbanso ku Chipatala Cha Pa Foni pa 929.