Kusankha nyumba pamene mmodzi m'banjamo ndi wobwera m'dziko

Anthu awiri akamafunafuna nyumba, wina mbadwa ya dzikolo wina wochokera kunja, amakhulupirira kuti akusankha limodzi. Nthawi zambiri sizikhala choncho. Woimbira foni eni nyumba ndi wa komwekoyo. Wowerenga pangano la lendi ndi yemweyo, ndipo ndi yemwenso amanena kuti dera lakuti ndi labwino, lakuti ayi. Wobwerayo amangogwedeza mutu poti chinenero sachimva bwino ndipo safuna kuoneka wovuta. Palibe amene walakwa, koma mapeto ake nyumba imayenera munthu mmodzi.

Choncho dera muliyese ndi miyendo ya wobwerayo. Mbadwa ili ndi abale, anzake akusukulu, chinenero ndi laisensi yoyendetsera galimoto, ndiye ikhoza kukhala paliponse osavutika kwenikweni. Mnzakeyo alibe zonsezi. Musanapereke ndalama iliyonse, wobwerayo atuluke yekha tsiku la ntchito, kuyambira pachipata cha nyumba imene mukuifunayo. Akagule zakudya, akapeze pogulitsira mankhwala ndi chipatala, akwere basi kapena sitima mpaka kumene akhale akugwira ntchito kapena kuphunzira chinenero, kenako abwerere kutada. Asaimbire mnzake foni kuti amuthandize, ndipo azilemba mphindi za ulendo uliwonse. Ngati zonsezi sizitheka popanda galimoto, funsani za laisensi. Ku Germany laisensi ya dziko la kunja kwa European Union imagwira ntchito miyezi 6 yokha munthu akakhazikika, ku Britain miyezi 12. Nthawiyo ikatha asanapeze ya komweko, wobwerayo amasanduka wongodikira kuti mnzake aweruke kuntchito adzamutenge, ndipo mikangano yambiri imayambira pamenepo.

Nyumba imene yakusangalatsani muiyendere kangapo, nthawi zosiyana: m'mawa anthu akupita kuntchito, usiku wa Lachisanu, komanso mvula yamphamvu itangosiya. Ejenti amakonda kuonetsa nyumba masana kuli zii. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsegulani mipopi iwiri nthawi imodzi muone ngati madzi akutulukabe mwamphamvu. Suzumirani kuseri kwa makabati ndi m'makona a denga. Penti watsopano pakhoma limodzi lokha kawirikawiri amabisa chinyontho. Imani m'chipinda chilichonse muyese netiweki ya foni, ndipo funsani kampani ya intaneti, osati mwini nyumba, ngati waya wawo unafika m'nyumbamo. Kwa munthu amene makolo ake ali kutsidya la nyanja, kapena amene amagwira ntchito pakompyuta, intaneti si chinthu chongosangalatsa. Funsaninso kuti mawu akuti nyumba yopanda katundu akutanthauzanji m'dzikomo, chifukwa ku Germany nyumba zambiri za lendi zimabwera zopanda sitovu, sinki ndi makabati a m'khitchini, wolowayo amagula yekha.

Nkhani imene anthu amaopa kuikamba ndi ya mtunda wa pakati pa inu ndi apongozi. Kukhala nawo pafupi kuli ndi ubwino weniweni. Mwana akadwala usiku pali wothamangira, pali wodziwa mmisiri wokhulupirika, ndipo chinenero chimalowa msanga ukamachimva tsiku ndi tsiku. Vuto limabwera pamene zinthu zina sizinakambidwe. Kodi apongozi azikhala ndi kiyi? Kodi alamu akhoza kungofika osanena, n'kugona masiku angati? Chipinda chotsalacho ndi cha alendo a mbali iti, popeza abale a wobwerayo akabwera amachokera kutali ndipo sakhala masiku awiri okha? Mayankho a mafunso amenewa ndiwo akuuzeni mtunda woyenera. Mabanja ambiri amapeza mtendere pamtunda woti kukacheza n'kosavuta koma munthu sangafike asanaimbe foni. Ndipo wokambirana ndi makolo za malire amenewa akhale mwana wawo. Wobwera akayankhula yekha amaoneka ngati wabwera kudzadula ubale.

Nyumba yaulere ya makolo, kapena malo a banja oti mumangepo, muziganizire kawiri. Ndalama za lendi mupulumutsadi, koma wobwerayo amakhala alibe pepala lililonse lomuteteza, ndipo zimene waika pokonza nyumbayo zimatsalira eni malo zinthu zikasintha.

Madera amene mumadzaza anthu ochokera kunja nawonso ali ndi msampha wake. Lendi imakwera, ndipo wa komwekoyo nthawi zina amasanduka mlendo kwawo komwe, mpaka kumayesedwa wantchito pachipata. Dera la m'mphepete mwa malo otere, loti ulendo umodzi wa basi ukufikitsani, nthawi zambiri limakwanira onse awiri.

Tsopano za mapepala. Mayina a nonse awiri alembedwe pa pangano la lendi, ngakhale mwini nyumba atanena kuti limodzi n'lokwanira. Zifukwa zake n'ziwiri. Choyamba, amene dzina lake palibe amatengedwa ngati mlendo wa mnzake, ndipo ubwenzi ukatha kapena mnzakeyo akamwalira akhoza kutulutsidwa mosavuta. Chachiwiri, ofesi zoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko zimafuna umboni woti mukukhaladi limodzi. Ku Britain, pokawonjezera viza ya ukwati amafuna makalata a kubanki, a magetsi kapena a boma ofika pa adiresi imodzi m'mayina a onse awiri, a miyezi yosiyanasiyana. Choncho gawanani mabilu, wina alembetse magetsi wina madzi kapena intaneti, ndipo makalatawo muziwasunga.

Mayiko ena amafuna kuti adiresi ilembetsedwe kuboma. Ku Germany munthu ayenera kulembetsa pasanathe masiku 14 atalowa m'nyumba, atanyamula chikalata chosainidwa ndi mwini nyumba. Ku Thailand mwini nyumba ayenera kudziwitsa boma pasanathe maola 24 kuti m'nyumba mwake mwafika munthu wakunja. Mwini nyumba akamazengereza kusaina mapepala oterewa, mwina pozemba msonkho, nyumbayo isiyeni ngakhale ikhale yotchipa bwanji. Chimene chingasokonekere ndi chilolezo cha wobwerayo chokhalira m'dziko, osati cha mwini nyumba.

Dipoziti ili ndi malire m'mayiko ambiri, ndipo obwera amalipitsidwa mopitirira chifukwa chosadziwa. Ku England lamulo la 2019 linaika malire a lendi ya milungu 5 pa nyumba zambiri, ndipo ndalamayo iyenera kusungitsidwa ku bungwe lovomerezeka pasanathe masiku 30. Ku Germany sipitirira lendi ya miyezi 3. Ku Japan kuli ndalama ina yothokozera mwini nyumba, yotchedwa reikin, imene sibwezedwa, ndipo eni nyumba ambiri amafuna munthu kapena kampani yokuimirani ngati mutalephera kulipira. Tsiku lolowa jambulani zithunzi za chipinda chilichonse, ming'alu, madontho ndi manambala a pamita, muzitumize kwa mwini nyumba pa imelo tsiku lomwelo. Lendi ya nyumbayo ikhale yoti malipiro a munthu mmodzi angaikwanitse, chifukwa chilolezo chogwirira ntchito chimachedwa kutuluka ndipo wobwera amatenga nthawi kuti apeze ntchito yolingana ndi maphunziro ake.

Kugula kudikire. Khalani kaye pa lendi chaka chathunthu, muone nyengo zonse za deralo. Mukafika poganiza zogula, dziwani kuti ukwati sumupatsa wobwera ufulu wa malo. Ku Philippines malamulo aakulu a dziko a 1987 salola munthu wakunja kugula malo. Akhoza kugula fulati, bola mafulati a anthu akunja asapitirire 40 peresenti ya nyumba yonseyo. Ku Thailand malire ake ndi 49 peresenti, ndipo mbadwa yokwatirana ndi wakunja ikamagula malo, wakunjayo amasaina kuti ndalamazo ndi za mnzakeyo payekha. Ku Indonesia umwini wathunthu wa malo ndi wa nzika zokha, moti ngakhale mbadwa yokwatirana ndi wakunja imavutika kuusunga ngati palibe pangano lolekanitsa chuma cha awiriwo. Khoti loona za malamulo aakulu linalola mu 2016 kuti panganoli lizilembedwa ngakhale ukwati utachitika kale. Ku Kenya wakunja amangololedwa kubwereka malo kwa zaka zosapitirira 99, pomwe ku Mexico, pamalo a mkati mwa makilomita 50 kuchokera kugombe la nyanja kapena 100 kuchokera kumalire, amagula kudzera kubanki imene imasunga umwiniwo m'malo mwake.

Ngati nyumba ilembedwa m'dzina la mbadwa koma ndalama zina zachokera kwa wobwera, ndalamazo zidutse kubanki, zisaperekedwe pamanja, ndipo malisiti asungidwe. Wobwerayo apeze loya wakewake, wosakhala mnzawo wa apongozi kapena wosankhidwa ndi wogulitsa. Loyayo amufotokozere m'chinenero chimene amamva mafunso atatu: nyumbayo ipita kwa ndani banja likatha, ipita kwa ndani mwini dzina akamwalira, ndiponso ngati malamulo a dzikolo amalola kulembetsa ufulu woti iye apitirize kukhalamo moyo wake wonse. Kumene ufulu woterewu ulipo, ulembetsedwe ku ofesi ya malo tsiku limene umwini ukusinthidwa, ndipo aliyense mwa awirinu alembe wilo yogwirizana ndi malamulo a dziko limene nyumbayo ili.