Kuchuluka kwa maola m'ndege si ukatswiri

Kuno ku Mulanje timayeza dalaivala wa minibasi poona zaka zimene wayenda msewu wa ku Limbe, ndiye ambiri amaganiza kuti woyendetsa ndege wamaola ambiri ndiyenso katswiri. Sizili choncho kwenikweni.

Maola ali ndi ntchito yake. Malamulo a ICAO, bungwe loona za maulendo a ndege padziko lonse, amafuna maola 200 pa laisensi yoyendetsa ndege mwamalonda, ndi 1,500 kuti munthu akhale kaputeni wa ndege yaikulu. Komatu mu 2009 ndege ya Colgan Air inagwa pafupi ndi Buffalo ku America n'kupha anthu 50, chonsecho oyendetsa awiriwo aliyense anali ndi maola opitirira 2,000. Liwiro linatsika iwo osazindikira. Chiwongolero chitayamba kunjenjemera powachenjeza, kaputeni anachikokera kumbuyo m'malo mochikankhira kutsogolo, mapiko n'kulephera kunyamula ndege.

Ola louluka kunja kuli ngwee siliphunzitsa zambiri. Chiperoni chikakuta phiri, Sapitwa wa mamita 3,002 osaoneka, chofunika n'kukhulupirira zida zoyezera za m'ndege osati maso, kusatsika kupyola msinkhu wovomerezeka, ndi kukweranso m'mwamba ngati bwalo silikuoneka potera. Oyendetsa ndege amayesedwa pa izi m'makina oyeserera kuuluka, kawirikawiri miyezi 6 iliyonse, ndipo wachiwiri kwa kaputeni, ngakhale akhale watsopano, amaphunzitsidwa kudzudzula kaputeni akalakwitsa.