Chibale cha Langenburg ndi London chinayambira kwa Feodora

Pa maliro a Prince Philip, mwamuna wa Mfumukazi Elizabeth II, mu April 2021, malamulo a Covid analola anthu 30 okha kulowa m'tchalitchi ku Windsor. Mmodzi mwa iwo anachokera ku Langenburg, katauni ka ku Germany komwe nyumba yachifumu inamangidwa pachitunda, pamwamba pa mtsinje wa Jagst. Anali mdzukulu wa Margarita, mlongo wake wa Philip. Koma njira ya pakati pa Langenburg ndi London inalambulidwa kale, ndi mayi wina amene dzina lake silimvekamveka.

Feodora wa ku Leiningen anabadwa mu 1807 ku Amorbach. Bambo ake anamwalira mu 1814, ndipo mu 1818 mayi ake anakwatiwanso ndi Duke wa Kent, mwana wa Mfumu George III. Chaka chotsatira banja linasamukira ku England, kumene Victoria, amene anadzakhala mfumukazi ya Britain, anabadwira. Azungu amati awiriwa anali pachibale mwatheka chifukwa abambo ndi osiyana. Kwathu kuno tikanangoti ndi a bere limodzi, Feodora ndi mkulu wake wa Victoria, basi.

Moyo wa ku Kensington Palace unali wa mumpanda. Mayi awo pamodzi ndi John Conroy, yemwe ankayendetsa za pakhomopo, ankasankha okha woti aonane ndi anawo. Victoria ankagona chipinda chimodzi ndi mayi ake mpaka anakhala mfumukazi mu 1837. Patapita zaka, Feodora analembera mng'ono wakeyo kuti iye ankapuma pokhapokha akatuluka pangolo ndi Victoria ndi mlezi wawo Lehzen, poti apo ankayankhula momasuka. Mawu amenewa amandikhudza, chifukwa akuchokera kwa mtsikana amene ankaoneka ngati sasowa kanthu.

Mu February 1828 Feodora anakwatiwa ndi Ernst wa ku Hohenlohe-Langenburg, mwamuna amene sankamudziwa bwino. Victoria anatsala ali ndi zaka 8 zokha. Kumene Feodora anapitako ufumu unali wa dzina chabe, poti dziko la banjalo linali litamezedwa ndi ufumu wa Württemberg mu 1806, ndipo ndalama zinali zoperewera. Anabereka ana 6. Makalata pakati pa iye ndi Victoria sanaduke moyo wake wonse.

Anawo ndi amene anamanga mfundo zina. Victor analowa usilikali wapamadzi ku Britain. Adelheid anafunsiridwa ndi Napoleon III, mfumu ya France, mu 1852, koma Victoria sanasangalale nazo ndipo ukwatiwo sunachitike. Mwana wa Adelheid, Augusta Victoria, anadzakwatiwa mu 1881 ndi Wilhelm, mdzukulu wa Victoria, amene anakhala Kaiser (mfumu) womaliza wa Germany.

Ukwati umenewu Feodora sanauone. Mwamuna wake anamwalira mu 1860. Kumayambiriro kwa 1872 anaika mwana wake wamkazi wotsiriza, mnzake wa dzina, ndipo mu September chaka chomwecho nayenso anatsikira kuli chete ku Baden-Baden, patangopita miyezi yochepa Victoria atamuyendera komweko.