Odwala 6 amene sanawerengedwe ku Marseille

Mu Disembala 2024, magazini ya zachipatala ya International Journal of Antimicrobial Agents inachotsa kafukufuku amene anagwedeza dziko mu Malichi 2020. Nkhaniyi inadutsa mwakachetechete, koma ndi pepala limeneli limene linachititsa anthu kukhamukira kumafamase kukasaka hydroxychloroquine, mbale wake wa chloroquine wa malungo, poganiza kuti mankhwala a Covid-19 apezeka.

Maganizowa anali ndi pogwira. Mu Febuluwale 2020, akatswiri a ku Wuhan anaona kuti chloroquine amalepheretsa kachilomboka kuswana m'maselo a impso za anyani osungidwa mu labotale. Pofika mu Malichi anthu ankafa ambirimbiri m'zipatala za ku Italy, madokotala akungoyang'ana opanda chowapatsa. Ndani akanakana kuyesa hydroxychloroquine, mankhwala otchipa, odziwika kale kuyambira m'ma 1950?

Zinthu zinakhotera ku Marseille, ku France, m'manja mwa Didier Raoult, katswiri wa tizilombo toyambitsa matenda, ndi anzake. Anayamba ndi odwala 26 olandira mankhwalawa, ndi 16 osalandira. Pofika powerengera zotsatira, mwa 26 aja munatsala 20 okha. Atatu matenda anakula mpaka anawapititsa kuchipinda cha odwala mwakayakaya, mmodzi anamwalira, mmodzi anatuluka m'chipatala, wina anasiya kumwa chifukwa cha nseru. Zonsezi zinalembedwa m'pepala momwemo, sanabise ayi. Koma ukachotsa amene zinawavuta kwambiri, otsalawo aoneka ngati mankhwala awathandiza basi. Komanso chimene ankayeza chinali kupezeka kwa kachilombo m'mphuno, osati ngati munthu wachira, ndipo odwala sanawagawe mwamaere. Pa zonsezi, ine nkhani ya anthu asanu ndi mmodziwa ndi imene imandiwawa kwambiri.

Pepalali linatuluka pa 20 Malichi. Mawa lake Donald Trump anali atawatamanda kale mankhwalawa pa Twitter, ndipo pa 28 Malichi bungwe loyang'anira mankhwala la FDA linalola kuwagwiritsa ntchito mwadzidzidzi m'zipatala za ku America. Ku Brazil, pulezidenti wa nthawiyo Jair Bolsonaro anawakakamira miyezi yambiri. Amene anavutika osamveka ndi odwala lupus (matenda amene chitetezo cha thupi chimaukira thupi lomwelo) ndi nyamakazi, omwe amamwa mankhwalawa tsiku ndi tsiku: ankafika pafamase n'kuuzidwa kuti atha.

Mbali yotsutsa nayo ili ndi banga lake. Pa 22 Meyi, magazini ya zachipatala ya The Lancet inasindikiza kafukufuku wa odwala oposa 96,000 wonena kuti mankhwalawa akuwonjezera imfa, mpaka WHO inayamba yaimitsa kaye mayeso ake. Kampani ya Surgisphere, imene inapereka ziwerengerozo, inakana kuzionetsa kwa ofufuza, ndipo pa 4 Juni pepalalo linachotsedwa. Otsatira Raoult amaloza pamenepa mpaka lero, ndipo apa pokha sakulakwa.

Umboni umene ndimaudalira ndi wa kafukufuku wotchedwa RECOVERY ku Britain, chifukwa kumeneko odwala anawagawa mwamaere. Pa 5 Juni analengeza kuti mwa odwala 1,542 olandira hydroxychloroquine, 25.7 peresenti anamwalira m'masiku 28, pomwe mwa 3,132 osalandira anamwalira 23.5 peresenti. Phindu panalibe. FDA inabweza chilolezo chake pa 15 Juni, ndipo tsiku lotsatira RECOVERY yomweyo inalengeza kuti dexamethasone, mankhwala enanso akale ndi otchipa, amapulumutsadi odwala ovutika kupuma.

Pepala la Surgisphere linagwa pasanathe milungu iwiri. La ku Marseille linakhalabe m'magazini zaka zoposa zinayi, mpaka osindikiza anavomereza kuti panali mavuto pa kachitidwe ka kafukufukuyo ndi pa chilolezo choyesera mankhwala pa odwala.